A Sabawo Anakana Kubisa Chigubu

Uthenga ndinaumva kwa a Nangondo, mayi amene amafulula mowa wa masese kuseri kwa msika wa Thambani. Linali Lachinayi masana, ine ndikusenda chinangwa pakhonde. Anafika akuwefuka, chigubu chachikasu chili m'manja, nsalu itamasuka mbali imodzi. Ine ndi a Nangondo sitiyenderana. Iwo ndi a mowa, ine ndine wa mapemphero, timangopatsana moni panjira basi. Ndiye nditawaona akulowa pabwalo panga, ndinaika mpeni pansi.

"Amake Tadala, a Sabawo atisiya."

Ndinawafunsa kuti amva kwa yani. Anati sanamve kwa munthu. Zaka zonsezi a Sabawo sanajombepo Lachinayi m'mawa kukatenga masese, ndiye tsikulo ataona kuti dzuwa lakwera osatulukira, anathira okha m'chigubu n'kuwapititsira kunyumba, poganiza kuti mwina mwendo wawo uja wavutanso. Anapeza Rozina, mwana wawo wamkazi, atakhala pansi pakhomo akulira. Mkuluyo anagwa akuwaza nkhuni, ndipo njinga yoti iwatengere kuchipatala inafika atapita kale.

Ndikuthokoza Mulungu kuti sanawagoneke nthawi yaitali pamphasa. Koma ndalemba izi mtima ukuwawa, ndipo sindibisa. Tsiku lomwelo, thupi lisanasambitsidwe n'komwe, akulu a mpingo wathu anatumiza mawu kusiwa kuti maliro a a Domingo Sabawo sadzakhala a mpingo. Ulaliki ayi, nyimbo ayi, amayi ovala yunifolomu ayi. Chifukwa chake akuti anamwalira ali oimitsidwa pa mlandu wa mowa. Mowa! Munthu amene ndamudziwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo sindinamuonepo ngakhale tsiku limodzi akuika chikho pakamwa.

Mowawo ankathira mu buledi. Amene simunalawepo mwina mudabwa, ndiye ndifotokoze. A Sabawo sankagula yisiti wa m'sitolo. Ankati yisiti wa m'mapaketi amafufumitsa mphepo yokhayokha, ukadya umakhala ngati wameza thonje, ukangofika pamsewu njala yabwereranso. Iwo ankafuna masese amene akadali kuwira, otulutsa thovu ukatsegula chigubu. Ankawasefa ndi kansalu koyera kuti gaga atsale, n'kuthira mu fulawa m'beseni lalikulu lachitsulo. Kenako mchere, anyezi wokazinga mpaka kufiira, adyo wosinja, ndi tsabola wa kambuzi awiri kapena atatu, wongoti akutsine lilime pang'ono. Adyoyo anali ndi kamtondo kakekake, ndipo tsoka kwa munthu amene akanasinjiramo mtedza. Akakanda ankaphimba beseni ndi chiguduli, n'kulisiya mpaka mawa lake.

M'mawa ankasonkha moto mu uvuni wa njerwa umene anaumanga okha kuseri kwa nyumba. Moto ukatha, ankakokolola makala n'kuwaza ufa wa mgaiwa pang'ono pansi pa uvuniwo. Ufawo ukada msanga, ndiye kuti dikira. Ukayamba kufiira pang'onopang'ono, lowetsa. Zophikiramo zinali zitini zakale za mafuta zodula pakati, ndipo pamwamba pa buledi ankapaka mafuta ndi nthenga ya nkhuku. Akatulutsa, fungo linkafika mpaka kumjigo. Unali buledi wolemera, chikhokho cholimba, mkati mofewa, wa mchere, wodyera nyemba kapena tiyi wopanda kanthu. Iwo ankamutchula kuti pawo, monga amanenera kwawo ku Mozambique. Loweruka ankamukweza panjinga kupita kumsika, ndipo aphunzitsi, a zaumoyo ndi anyamata a kabaza ankamaliza dzuwa lisanafike pamutu.

Ndisaname kuti anali munthu wofatsa chifukwa wamwalira. A Sabawo anali ndi pakamwa. Munthu akadinikiza buledi ndi chala kuti aone ngati ndi wofewa, ankamufunsa ngati kwawo amadinikizanso akazi a eni asanawapatse moni. Mayi wina wa kuboma atawauza kuti azithira shuga pang'ono kuti ana azikonda, anamulozera kwa ogulitsa mandasi n'kutembenuka. Anakanganapo ndi ogulitsa nkhuni, anakanganapo ndi a Nangondo omwewo kuti masese awo achita madzi, anakhala mwezi wathunthu osalankhula ndi mlamu wawo chifukwa chotsegula uvuni nthawi isanakwane.

Inenso anandilalatira mokwanira. Chaka chimene bambo a ana anga anapita ku Joni n'kungoti zii, a Sabawo anandiitana kuti ndikaphunzire. Sanandifunse za mavuto anga, anangondipatsa beseni.

"Amake Tadala, mukukanda kapena mukusisita mwana wodwala? Ikani mapewa!"

Tsiku lina iwo atapita kuseri ndinathiramo shuga supuni imodzi, kufuna kuyesa. Buledi atapsa analuma kamodzi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ananyamula onse anayi a m'chitini changa kukapatsa mbuzi, ine ndikuona. Ndinalira popita kunyumba, ndinalumbira kuti sindidzapondanso pakhomo pawo. Loweruka lake Rozina anabwera ndi buledi awiri okulunga m'nyuzipepala, akuti bambo akuti awa apserera, sangagulike, apatseni ana. Ndinawatembenuza uku ndi uku, panalibe popserera. Zinakhala choncho Loweruka lililonse mpaka ana anga anakula. Buledi wa a Sabawo ankapserera awiri okha pa sabata, ndipo onse ankabwera kwanga. Ambuye awakumbukire pa zimenezo.

Za kwawo sankakonda kukamba. Zimene ndikudziwa ndi zimene zinkatuluka pang'onopang'ono tikukanda. Ali mnyamata ankagwira ntchito mu bekale ya mzungu wina wa Chipwitikizi ku Tete. Nkhondo itabwera, zinthu zinasowa m'masitolo, yisiti naye anasowa, ndipo mkulu wina amene ankagwira naye ntchito ndi amene anawaonetsa kuti mowa wa chimera umafufumitsa fulawa. Kenako anathawa, anakhala m'tchire, anadutsa malire wapansi ndi nkhwangwa yokha. Anzawo atabwerera nkhondo itatha, iwo anatsala chifukwa anali atakwatira kuno, amake Rozina, amene anatisiya kalekale. Anabatizidwa mu mpingo wathu. Njerwa za tchalitchi chathu anaumba nawo, denga anakhoma nawo. Ankati dziko lino linawalandira ali ndi nsabwe, choncho alibe ngongole ndi munthu koma ndi Mulungu yekha.

Mlandu unayamba zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, atasankhidwa akulu a mpingo atsopano. Wamkulu wawo anali a Kamwendo, amene ali pampandopo mpaka lero. Panamveka dandaulo kuti mkhristu wina amaoneka pamalo a mowa Lachinayi lililonse, ndipo amanyamula chigubu masanasana, kudutsa pamsewu wa kutsogolo kwa tchalitchi. Zinali zoona. Njira yochokera kwa a Nangondo kupita kwa a Sabawo imadutsa pomwepo. Anawaitana ku bwalo la mpingo, ndipo ine anandiitana ngati mboni poti ndinkagwira nawo ntchito.

A Sabawo anabwera atavala jekete lawo la Lamulungu, chipewa chili m'manja.

"A Sabawo," anayamba a Kamwendo, "kodi n'zoona kuti mumagula mowa?"

"N'zoona."

"Mumamwa?"

"Ayi. Mumadya ndinu."

Mkulu wina anaseka mpaka kutsokomola, a Kamwendo anamuyang'ana moopseza. A Sabawo anafotokoza bwinobwino kuti choledzeretsa chimathawa ndi moto, chimatsala ndi fungo ndi kufufuma basi. Anafunsa ngati alipo m'chipindamo amene anadzandirapo kapena kumenya mkazi atadya buledi wawo. Ine nditafunsidwa ndinanena zimene ndikudziwa, kuti ngakhale polawa masese ngati apsa, iwo amangonunkhiza, salawa. A Kamwendo anati nkhani si kuledzera ayi, nkhani ndi maso a anthu. Achinyamata akamaona mkhristu wamkulu atanyamula chigubu, adziwa bwanji kuti ndi cha buledi?

"Andifunse," anatero a Sabawo. "Pakamwa ali napo."

Anatiuza kuti tituluke kaye akambirane. Tili panja pansi pa mtengo wa mango, a Kamwendo anatuluka okha n'kuwakokera pambali. Ine ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu angawa, ndipo ndidzanena zomwezi pamaso pa Mulungu.

"Achimwene, tisavutane. Lamulungu likudzali muimirire kutsogolo, munene kuti mwasiya. Mawu awiri okha. Chigubucho muzichikulunga m'thumba, muzidzera njira ya kudambo. Ife sitidzafunsa. Mayi akunyumba buledi wanu amamukonda, musaganize kuti tikufuna musiye."

A Sabawo anavala chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Ndiime m'nyumba ya Mulungu, ndiname, kuti inu mugone bwino?"

"Si bodza kwenikweni, n'kungoteteza ofooka."

"A Kamwendo, ine ndinabisala m'tchire zaka zitatu kuthawa mfuti. Kubisala ndinatopa nako. Chigubu changa chizidzera pamsewu."

Tsiku lomwelo anawaimitsa. Mgonero osadya, udindo osagwira, mpaka atalapa. Abale anga, ine sukulu ndinalekeza sitandade seveni, zozama sindizidziwa. Koma ichi chokha ndikuchiona. Munthuyu sanaimitsidwe chifukwa cha mowa. Akanavomera kunama, akanadya Mgonero zaka zonsezi, masese akulowa m'beseni monga kale, ndipo pa maliro ake tikanavala zoyera n'kuimba mpaka mawu kusasa. Anaimitsidwa chifukwa anakana kunama. Ndiuzeni inu ophunzira, zimenezi zimalembedwa pati?

Ndipo buledi sanasiye kudya. Akazi a akulu a mpingo ankatuma ana kumsika, kapena ankandinong'oneza ine kuti ndiwasungire awiri. Chaka chimene tinalandira msonkhano waukulu wa mipingo yozungulira, alendo ochuluka, a Kamwendo omwewo anandiitana kuti ndikawauze a Sabawo aphike wa alendo, koma ndikamutenge ndine, ndipo dzina lawo lisamveke. Ndinapita ndi manyazi. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Anangofunsa kuti alendowo ndi angati, n'kuyamba kusenda adyo. Anaphika masiku awiri, kulipidwa anakana. Nditawafunsa kuti bwanji mukuphikira anthu okukanani, anati alendo alibe mlandu, ndipo njala sanaiimitse mu mpingo. Abusa achilendo anayamikira kwambiri buledi ameneyo, anafunsa kuti waphika ndani. Anayankhidwa kuti ndi amayi athu. Ife amayi tinawerama. Inenso ndinawerama, ndipo tchimo limenelo ndi langa.

Ena anena kuti anali wouma mutu. Inde anali. Rozina anawagwadira kangapo, ine ndili pomwepo.

"Bambo, ingogulani yisiti, nkhaniyi ithe. Mukadzafa tidzakuikani ngati galu?"

Anamuyankha kuti akasiya tsopano ndiye kuti avomera kuti zaka zonsezi ankadyetsa anthu tchimo, kuphatikizapo ana a amake Tadala. Anati za maliro azisiye, wakufa samva nyimbo. Rozina analira, anati wakufa samva koma otsala amamva. Ndipo Rozina ndi amene ananena zoona.

N'chifukwa chake Lachisanu m'mawa, maliro ali m'nyumba, ndinapita kwa a Kamwendo. Abusa athu amasunga mipingo ingapo ndipo anali kutali, zonse zinali m'manja mwa akulu. Ndinagwada pabwalo pawo monga mwa ulemu.

"Bambo, ndabwera kudzapempha. Ulaliki ngati n'kovuta usiyeni. Tiloleni amayi tiimbe basi, kuchokera kunyumba kukafika kumanda."

"Amake Tadala, mukuganiza kuti ine sizikundikhudza? Munthu uja ndinaumba naye njerwa. Koma lamulo ndi lamulo. Tikalola lero, mawa abale a chidakwa chilichonse abwera kudzagwada pomwe mwagwadapo."

"Iwo sanali chidakwa, mukudziwa."

"Ndikudziwa. Akanangonena mawu awiri aja."

"Mawu abodza aja?"

A Kamwendo anangoti ndisamale, ndili ndi zaka zambiri mu gulu la amayi, ndisaziwononge chifukwa cha munthu amene wapita kale. Ndinadzuka osatsazika. Mulungu andikhululukire, sindinachitepo zotere kwa munthu wamkulu.

Nditafika kusiwa ndinapeza Rozina ali ndi nkhawa ina. Abale ochokera ku Zobue, kutsidya kwa malire, anali m'njira, kuika kunali Loweruka, anthu ochuluka, chakudya chochepa. Koma thumba la fulawa limene bambo ake anagula linali m'nyumba losatsegula, anyezi ndi adyo zili pomwepo, nkhuni zomwe anagwa akuwaza zili mulu. Masese a m'chigubu chimene a Nangondo anabweretsa sakanakwana thumba lonse. Rozina anati atume munthu akatenge ena oti tiphikire buledi, adzere kudambo. Ndinati ayi, ndipita ndine.

Ndinapita, a Nangondo anandithirira chigubu chachikulu, anakana chilichonse. Ndinachisenza pamutu osakulunga, ndinadzera pamsewu. Ndisakunamizeni kuti ndinali wolimba mtima. Thovu linkatsikira m'khosi. Pamjigo wa pafupi ndi tchalitchi panali amayi anzanga akutunga madzi. Mjigo unasiya kulira. Mmodzi anakuwa:

"Amake Tadala! Mwayamba liti?"

"Lero," ndinayankha, osatembenuka.

Tinakanda ine ndi Rozina, Loweruka m'mawa tinaphika. Sanatuluke ngati wa eni ake. Ena anaphwa pakati, ena ndinawatulutsa mochedwa, ndipo ndinkangomva m'makutu mwanga mmene akanandilalatira. Koma anthu anadya. A mpingo anabwera ndithu, poti maliro a m'mudzi sathawika, koma anabwera ngati anansi chabe, atavala za kumunda. Nawonso anadya. A Kamwendo anakhala pampando pansi pa mtengo, ndinawapatsira ndekha m'mbale, analandira ndi manja awiri.

Bokosi ananyamula anyamata a kabaza ndi abambo amene amamwa kwa a Nangondo. Tinanyamuka. Sindinayendepo ulendo wa kumanda wotero chibadwire. Anthu odzaza njira, koma chomveka ndi mapazi okha ndi kulira kwa Rozina. Abale a ku Zobue ankayang'anana, kudabwa kuti kodi mbale wawo anakhala bwanji ndi anthu kuno. Titadutsa mlatho, Rozina anatembenuka n'kundiyang'ana.

Ine si woyambitsa nyimbo, mawu anga ndi okhuthala, mu gulu ndimaima kumbuyo. Koma ndinayambitsa, nyimbo ija timaimba poperekeza aliyense wa ife. Mzere woyamba ndinaimba ndekha. Woyamba kundilandira anali a Nangondo, amene mawu a nyimboyo sawadziwa, ankangong'ung'udza motsatira. Kenako amayi awiri a gulu lathu. Kenako ena, mwina tinakwana khumi. Otsala anayang'ana pansi, milomo yotseka, anthu odziwa nyimboyo kuyambira ali ana. Sinali nyimbo yokoma. Koma tinafika nayo kumanda.

Bokosi litatsitsidwa, adzukulu anaima ndi makasu awo kudikira. Akulu a mpingo anali pomwepo, manja kumbuyo. Mdzukulu wamkulu anayang'ana uku ndi uku.

"Palibe wopemphera? Tikwirire?"

Kwathu kuno mzimayi sapemphera pamanda amuna alipo. Ndinagwada pa dothi lofiiralo. Ndinati, Ambuye, uyu ndi Domingo, mukumudziwa kuposa ife. Anadyetsa ana anga, ndipo sanakunamizeni. Mulandireni. Zina sindikuzikumbukira. Ameni anamveka ochepa, koma Rozina anamumva, anandigwira phewa podzuka.

Patapita masiku atatu ndinalandira kalata. Ndikuitanidwa ku bwalo la mpingo pa milandu iwiri, kunyamula mowa pamsewu ndi kutsogolera mwambo umene akulu analetsa. Zonse ndi zoona, ndipo ndikavomera. Mantha ndili nawo. Yunifolomu yanga ndaichapa, ndaisita, ndaipinda, sindikudziwa ngati ndidzaivalanso. Sindikuchoka mu mpingo, ndi kwathu, ndinabatizira ana anga onse momwemo. Koma akandiuza kuti ndinene mawu awiri, sindinena.

Kumbuyo kwa tchalitchi chathu, pafupi ndi khomo, pali benchi ya oimitsidwa. Anthu amakhalapo miyezi itatu, ena isanu ndi umodzi, mtsikana wotenga mimba, bambo womenya mkazi, akalapa amabwerera kutsogolo. A Sabawo anakhalapo zaka zisanu ndi zinayi osajomba Lamulungu, chakumapeto kwenikweni kwa benchiyo. Pakhoma pali banga lakuda pomwe ankatsamiritsa mutu. Chitseko cha tchalitchi chathu chilibe chogwirira, mphepo ya kuphiri ikabwera chimamenyetseka, ndipo iwo ndi amene ankachitchinga ndi phazi ulaliki wonse. Ambiri sitinkadziwa. Lamulungu lapitali benchiyo inalibe munthu, ndipo chitseko chinamenyetseka kuyambira pemphero loyamba mpaka lomaliza. Anthu ankatembenuka mokwiya kuyang'ana kumbuyo, n'kubwezanso nkhope msanga.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ine musandidere nkhawa. Kumbukirani Rozina ndi ana ake atatu, amene atsala okha pakhomo paja, ndi abale amene abwerera kutsidya kwa malire ndi mafunso m'mitima. Mukagwada, atchuleni mayina.